Manachesi a Mkamwini

Nsambe,
P.O. Neno.
13 Sepitembala 1994

Mwana wanga Alfred,

Moni. Ukafunsa za moyo, ndili moyo. Kaya iwe, mpongozi wanga ndi ana kumeneko ku Ndirande. Mlongo wako Stelia ali bwino, koma kamwana kake kakutsokomola.

Kalatayi ndalemba ndekha, choncho ukaona zilembo zikupendama usaseke. Nkhani yake si yolembetsa kwa munthu wina.

Lamulungu lapitali amalume ako a Dickson anabwera kuno atavala jekete lawo la kutchalitchi. Ndinawapatsa mpando, anakana. Anaima pansi pa nachesi wa kukhitchini uja nkumathothola masamba. Akuti papita miyezi itatu chimwalirire mayi ako, tsono abale akufuna kundisudzula. Tanthauzo lake ukulidziwa. Adzandiikira kandalama m'mbale, adzanena kuti ukwati watha, ine nditenge khasu, nkhwangwa ndi bulangete ndibwerere kwathu ku Matope. Kwathu! Ku Matope ndinachoka mu 1958 ndili ndi mano onse. Amene ankandidziwa kumeneko ali kumanda.

Ndinafika pano ngati mkamwini, malo ano ali thengo ndi miyala. Agogo ako anandilozera chitunda nati, lima apo tione ngati ndiwe mwamuna. Mbande za manachesi ndinakazitenga ku Mwanza wapansi, m'dengu, maulendo anayi. Madzi ndinkatunga kudambo ndi chitini cha palafini. A Dickson omwewa ankandiseka, amvekere mkamwini wanzeru sabzala mtengo, amabzala chimanga choti akolole chaka chomwecho. Lero mitengo ilipo 86, ndipo ndi imene inakuphunzitsa iwe mpaka Fomu 4. Lero lomwe yasanduka mitengo ya mbumba yawo.

Pamaliro paja, pamaso pa ankhoswe ndi akulu ampingo, a Dickson anavomera ndi pakamwa pawo kuti mwambowu sudzachitika iwe mwana wachisamba palibe. Tsono bwera. Iwe unaphunzira, umamva zimene akunena pa wailesi za ufulu. Tinakavota mu Meyi, chala changa chinada ndi inki mlungu wathunthu. Ngati ufuluwo ulikodi, ubwere nawo, udzawauze amalume ako maso ndi maso kuti munthu sachotsedwa pa thukuta lake.

Mitengo yayamba maluwa.

Ndine bambo ako,
Laimoni Sandalamu

Ndirande,
Blantyre.
9 Okutobala 1994

Okondedwa Bambo,

Ndakondwa kulandira kalata yanu ndi kumva kuti muli moyo. Ife kuno tili bwino. Mwana wathu Mphatso anadwala chikuku koma wachira, wayambanso kusewera. Mayi ake akupereka moni.

Zimene mwalemba ndazimva zonse. Koma pakali pano sindingathe kubwera. Kufakitale kwabwera mabwana atsopano ndipo akuchotsa anthu. Mnzanga wina anapita kumaliro masiku atatu, pobwera anapeza alonda atauzidwa kuti asamulowetse. Ndikangotchula za tchuthi ndiye kuti ndadzichotsa ndekha.

Chimene ndikupempha nchakuti mukhale phee. Sosani m'munda monga mwa chaka chilichonse, samalani mitengo, musakangane ndi munthu. Ndidzabwera nthawi ikadzakwana.

Ndatumiza shuga, sopo ndi mabatire a wailesi kudzera kwa aphunzitsi a Chikaonda amene akubwerera kumeneko. Mundiperekere moni kwa amalume a Dickson ndi onse pamudzi.

Ine mwana wanu,
Alfred

Nsambe,
P.O. Neno.
18 Disembala 1994

Alfred,

Moni ndakupatsa chifukwa ndi mwambo.

Kalata yako inatha milungu isanu m'njira, ndipo envelopu inali yomata kawiri, kachiwiriko ndi phala. Paja kiyi wa bokosi la mpingo ku positi amasunga amalume ako. Anandipatsira okha akumwetulira, amvekere, “Alamu, mwana wanu wandipatsa moni.” Ine ndisanatsegule! Kale tinkati otsegula makalata a anthu ndi a boma. Boma lasintha, a Dickson sanasinthe.

Ndinakupempha kuti ubwere, iwe wanditumizira sopo. Kodi ndinakuuza kuti ndikununkha? Shugayo ndapatsa Stelia. Mabatire ndaika m'wailesi kuti mabodza ndiziwamva bwino.

Ukuti ndikhale phee. Bwera udzaone pheeyo mmene amaonekera. Mlungu watha ndili kuthira manyowa, a Dickson anadutsa m'munda ndi amuna awiri a ku Lisungwi, akuloza mitengo ndi ndodo. Ndinati, “Mukuwerenga chiyani m'munda mwanga?” Iwo amvekere, “Tikungoona za malemu mlongo wathu, alamu. Inu pitirizani ganyu.” Ganyu, eti! Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi. Ndinatukula khasu, amuna aja anathawa, wina mpaka anasiya patapata. Ndaipachika pa nthambi kuti mwini wake adzaitenge ngati ali ndi mtima.

Za pamudzi ndi izi. Mvula inagwa kawiri mu Novembala, tinabzala, chimanga chinamera nkupsa. Anyamata onse athawira ku msewu wa Zalewa kukawotcha makala, ndi mlamu wako Fackson yemwe, wasiya Stelia ndi ana awiri. Anthu a ku Mozambique aja anali ku Luwani abwerera kwawo, ndiye oti tiwagulitse mbatata kapena kusinthana nawo mafuta ophikira palibenso. Sukulu akuti ndi yaulere tsopano. Ana adzaza pansi pa mkuyu ngati mpheta, mphunzitsi mmodzi, choko alibe. Pamudzi pano chinthu chimene chikudziwa kuti chaka chamawa chiliko ndi mitengo yanga yokha. Nchifukwa chake aliyense akuiyang'ana ngati galu pa nyama.

Pa Khirisimasi mafakitale amatseka. Zimenezo ngakhale ine wa Sitandade 3 ndikuzidziwa. Ndikudikira.

Bambo ako,
Laimoni

Nsambe,
5 Febuluwale 1995

Achimwene,

Muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife tiliko, koma njala yafika. Tikudya kamodzi, nthawi zina maungu okha. Kalatayi ndapatsira mayi wina wopita ku Mwanza kuti akaiponye kumeneko, yankho lake musalembe pa bokosi la mpingo.

Achimwene, Bambo sali bwino. Thupi lilibe kanthu, koma mtima. Tsiku la Khirisimasi anandiphetsa tambala wawo wofiira uja, anavala jekete, anapita pamphambano m'mawa kukadikira lole. Anakhala pamwala mpaka dzuwa kupendeka. Malole anadutsa awiri. Pobwera sanadye, anati nyamayo ndipatse ana. Chithunzi chanu cha ku sekondale chija achichotsa pakhoma, achiika m'sutikesi chozondotsa.

Zija munandiuza kuseri kwa nkhokwe tsiku la maliro ndasunga. Sindinauze munthu, ngakhale amuna anga, bambo a Tawonga. Koma zikundiwotcha. Inu muli kutali, amene ndimawaona akulankhula okha m'mitengo ndine. Dzana anandifunsa, “Iwe, mlongo wako ndinamulakwira chiyani?” Ndinangoti sindikudziwa, nkuthawira kumadzi.

Amalume nawo Lamulungu lililonse amandiimitsa pakhomo la tchalitchi. “Nanga muphwa wanga Alfred abwera liti? Ntchito yakeyo ndi ya usilikali?” Ine ndimati ntchito, amalume, ntchito.

Ngati mungathe mutitumizire ufa ndi mankhwala a chifuwa. Ndipo Bambo muwalembere mawu ofewa, angakhale awiri.

Ine mlongo wanu,
Stelia

Ndirande,
Blantyre.
19 Malichi 1995

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino. Ife kuno tikudzuka.

Pepani kwambiri za Khirisimasi. Fakitale inatsekadi, koma ine anandiika pagulu loyang'anira katundu. Pasaka nayenso sindikuona mpata. Zinthu zakwera mtengo mochititsa mantha, basi ya ku Mwanza yakwera kawiri chiyambire chaka.

Bambo, sindinakuiwaleni. Tsiku lina mudzamvetsa. Chonde musayankhe aliyense wokuputani. Manachesi akapsa muthyole ndi kugulitsa kwa a Hamza monga mwa masiku onse. Mukhale m'nyumba mwanu, mudye zipatso zanu.

Ufa ndi mankhwala ndatumiza kwa Stelia. Moni kwa amalume.

Mwana wanu,
Alfred

Nsambe,
P.O. Neno.
7 Meyi 1995

Alfred,

Iyi ndi kalata yanga yomaliza pa nkhaniyi. Ndaiponya ndekha ku boma, ndayenda wapansi, kuti isadutse m'manja mwa wophika phala.

“Tsiku lina mudzamvetsa.” Mawu amenewo amauza mwana wofuna kugwira moto. Ine ndinakusambitsa m'beseni iwe.

Manachesi ayamba kufiira. Chaka chino ngakhale kunali chilala abereka mpaka nthambi ndazichirikiza ndi mphanda, chifukwa ndinatunga madzi ndi msana uno miyezi iwiri. Lachitatu kunabwera lole ya anthu a ku Limbe, osati ya a Hamza. Anatsika ndi matumba nkuyamba kuthyola osandilonjera nkomwe. Akuti a Dickson anawagulitsa mitengo khumi ya kumunsi zipatso zili pamtengo pomwepo. Zosapsa! Ankagwedeza nthambi ngati akugwetsa masawu. Nachesi sagwedeza, umamudula ndi kaphesi kake, apo ayi aola pa masiku atatu ndipo mtengo chaka chamawa ukana. Ndinawathamangitsa ndi chikwanje. Inde, ndi chikwanje, ukamva kwa ena usadabwe.

Lero titatuluka m'tchalitchi amalume ako anandiitana pagulu. Amvekere, “Alamu, mwatichititsa manyazi kwa alendo. Mkamwini ndi tambala wobwereka, akatha ntchito amabwerera kwa mwini wake.” Anthu anaseka, ngakhale amayi a chigwirizano amene mayi ako ankaimba nawo. Ine ndinati, “Tambalayu ndi amene wakhala akudyetsa khola lonse, inu mukuwothera dzuwa.” Apo sanaseke ambiri. Kenako anati, “Nanga mwana wanu wophunzira uja ali kuti? Miyezi isanu ndi itatu mukumuitana. Mwanayo ndi wanzeru, akudziwa kuti bambo ake akukakamira zosakhala zawo. Akuchita manyazi kubwera.”

Alfred, apo anandilasa. Ine Laimoni, amene sindinasowepo mawu chibadwire, ndinangotembenuka nkubwerera kunyumba. Chifukwa zimene ananenazo ndi zimene ndakhala ndikuganiza ndekha.

Ngati uli mbali ya amalume ako, nena. Magazi ako ndi a kwa mayi ako, ndikudziwa, ine ndinangokhala wolima. Koma usandiphe ndi sopo ndi moni.

Ndikupatsa mpaka Lamulungu la pa 28 mwezi uno. Ukapanda kufika, ndikaima pamalo pomwe anandinyozerapo, ndikanena kuti ku Blantyre ndilibe mwana, asadikirenso munthu. Sindingakhale pano ngati mbuzi yomangirira imene akudikira tsiku la phwando. Ngati nkuchoka ndichoke ndi miyendo yanga.

Laimoni Sandalamu

Ndirande,
1 Juni 1995

Bambo,

Kalata yanu ndailandira lero Lachinayi masana, tsiku munanenalo litadutsa kale. Ndathamangira ku msika wa Limbe, ndapeza a Hamza, alonjeza kuti iyi akupatsani m'manja mwanu. Ndikupemphera kuti simunachite zimene munalembazo.

Tsopano ndinena zoona. Kufakitale kulibe amene anandikaniza tchuthi. Pa Khirisimasi ndinali m'nyumba muno, ndinakhala tsiku lonse osatuluka. Sindinabwere dala.

Bambo, ganizani. Amalume analonjeza pamaso pa ankhoswe kuti sadzakusudzulani ine palibe. Ndine ndinawapempha mawu amenewo pamaliro, ndipo anavomera chifukwa ankayesa ndibwera mwezi wotsatira. Tsiku limene ndingaponde pamudzipo, mawa lake mwambo uchitika. Inu mumati ndidzawagonjetsa ndi sukulu. Pabwalo muphwa sayankha amalume ake, adzangoti khala pansi mwana iwe, ndipo onse adzavomereza. Ndinakafunsa kwa munthu wodziwa malamulo kuno. Anandiuza kuti malowo ndi a kuchikazi, mlandu ungathe zaka ndipo mapeto ake nkutaya. Ufulu wa pa wailesiwo sunafike pa nkhani ya mkamwini.

Chida chimene ndinali nacho ndi chimodzi chokha, kusabwera. Ine ndili kuno, inu muli m'nyumba mwanu. Chaka chino, chaka chamawa, mpaka amalume atatopa. Paja ndi aakulu kwa inu ndi zaka zinayi ndipo miyendo yawo yayamba kutupa.

Mufunsa kuti bwanji sindinakuuzeni. Pa positi sindikanatha, mukudziwa amene amayamba kuwerenga. Koma chifukwa chachikulu ndi ichi, ndipo mundikhululukire. Inu mukakwiya simusunga mawu. Ndikanakuuzani, tsiku lomwe amalume akanakuputani mukanawauza kuti, “Mwana wanga wakutcherani, sabwera mpaka mufe.” Ndipo iwo akanapita kwa ankhoswe kukamasula lonjezo lija. Stelia akudziwa zonse, ndinamulumbiritsa ine. Musamukalipire.

Sindili mbali ya amalume. Sindinachitepo nanu manyazi. Chonde, ngati simunalankhule, musalankhule. Ngati mwalankhula, mukanene kuti unali mkwiyo chabe.

Mwana wanu,
Alfred

Nsambe,
6 Juni 1995

Achimwene,

A Hamza afika dzulo Lolemba. Lole yawo inachedwa kudikira katundu. Kalata yanu ili ndi ine, mwini wake kulibe. Bambo anachoka Loweruka.

Pa 28 paja anakhalanso pamphambano mpaka belu lachiwiri. Kenako analowa m'tchalitchi, ndipo titatuluka anaima pa sitepe nkunena mokweza, “A Dickson, mukudikira ndani? Ine ku Blantyre ndilibe mwana. Chitani mwambo wanu Loweruka.” Amalume anawafunsa katatu pamaso pa ankhoswe, “Alamu, mwanena nokha?” Katatu konse anati, “Ndanena ndekha.”

Ine ndinasokonezeka. Ndinkati mwina mufika, mwina kalata ifika. Lachisanu ndinalephera kupirira, ndinawatsatira kumunsi kumene ankadula nthambi zimene anthu a ku Limbe anathyola. Ndinagwada nkuwauza zonse. Anasiya kudula. Anaika chikwanje pansi. Kenako anati, “Ndiye nonse awiri munandivundikira dengu ngati nkhuku yofungatira?” Ndinati, “Bambo, tiyeni kwa ankhoswe, mukanene kuti munalankhula ndi mkwiyo.” Iwo anati, “Ndikagwade kwa Dickson? Ndikanene kuti Laimoni ndi wamisala, mawu ake musamawamvere? Ndalavula pagulu, sindinyambita.” Ndinalira, ndinagwira miyendo yawo. Anangoti, “Dzuka, udetsa chitenje.”

Loweruka anthu anasonkhana. Kwa Bambo kunalibe wachibale ndi mmodzi yemwe, nkhoswe wawo paja anamwalira kale, ndiye anaimirira ndi mkulu wampingo. Amalume analankhula zotamanda, akuti alamu athu anatisungira bwino mlongo wathu, apite ndi mtendere, akapeze mkazi wina. Bambo anati, “Mkazi wina ndikamupeza, inu mupeze msana wina wotunga madzi.” Mbale ija itabwera anatenga kandalamako nkupatsa Tawonga kuti akagule switi. Sanatenge mpando, sanatenge bedi. Khasu, nkhwangwa, sutikesi ndi wailesi basi. Ndinawathyolera manachesi m'kathumba, anakana. Ndinawaperekeza mpaka pamphambano, anakwera lole ya makala osacheuka.

Amalume akuti mitengo tsopano ndi yanga, koma oyang'anira ndi iwo. Dzulo lomwe anthu a ku Limbe abweranso.

Ndafunsa kwa amayi aakulu. Akuti mwambo sungabwezedwe, koma ine ngati mwana ndili ndi ufulu woitana bambo anga kudzakhala pakhomo panga ngati mlendo, palibe angaletse. Ndiwalembera, inunso muwalembere. Kalata yanu ija ndiitumiza ku Matope ndi munthu wa njinga.

Achimwene, nzeru zanu zinali zabwino, koma munazisenzetsa ine ndekha.

Stelia

Matope,
16 Julayi 1995

Alfred,

Moni. Makalata ako awiri ndalandira, ndi ya mlongo wako. Ndachedwa kuyankha dala, kuti nawenso ulawe.

Ndikukhala kwa mdzukulu wa malemu mlongo wanga, dzina lake Chrissy. Anali asanandionepo. Nditafika anaitana anthu achikulire awiri kuti adzandizindikire, mmodzi anati akukumbukira Laimoni wina amene analumidwa ndi ng'ona, winayo anati ayi, uja anali Saimoni. Pomaliza anandilandira chifukwa cha mphuno, akuti ndi ya kubanja. Andipatsa kanyumba kosungiramo maukonde. Kuno ngakhale mu Julayi masana kumatentha, udzudzu ngati utsi, nthaka ndi mchenga ndi malambe. Amuna onse ali pa Shire ndi mabwato. Ine madzi ndimawaopa, ndiye ndimakhala ndi amayi kuwathandiza kupala nsomba. Munthu wa mitengo 86.

Wandiuza kuti ndikakwiya sindisunga mawu. Ndaganiza milungu itatu kuti ndikutsutse. Nzoona. Ndikanamuuza Dickson tsiku lomwelo, mwina ndikanachita kumutsatira kunyumba kwake. Pamenepo wandidziwa.

Koma pali pamene sunandidziwe. Iwe unawerengera nyumba, unawerengera mitengo, unawerengera mpaka miyendo yotupa ya amalume ako. Sunawerengere kuti nkhalamba imene ukuisungayo ikudzuka m'mawa uliwonse ikudziwa kuti mwana wake akuchita nayo manyazi. Miyezi isanu ndi inayi, Alfred. Unandisungira denga nkundichotsa mwana. Ukanabwera mu Sepitembala, nkuima pambali panga, amalume ako nkukuuza kuti khala pansi, iwe nkukana kukhala, tikanagonja Loweruka lomwelo. Ndikanakwera lole yomweyo ya makala. Koma ndikanakwera ngati munthu amene anabereka. Anthu inu a sukulu mumaganiza kuti kupambana ndi kukhala ndi chinthu m'manja basi.

Ndipo unaika mtolo wako pamutu pa mlongo wako, iwe uli phee ku Ndirande. Zimenezo sindinakukhululukire, ukapepese kwa iye.

Stelia akuti ndibwerere ndikakhale mlendo pakhomo pake. Umuuze kuti ayi. Mlendo amapatsidwa mpando, amadikira kuti amuthyolere. Ine sindingakhale pakhonde kumaonerera anthu a ku Limbe akugwedeza mitengo imene ndinakumba maenje ake, nkumati zikomo akandiponyera limodzi. Ndikhoza kupha munthu. Iwenso ukuti ndibwere ku Ndirande. Ndidzatani kumeneko, kulondera mpopi? Ayi. Anati ndibwerere kwathu, ndabwerera. Ndifera kuno, a Dickson amve kuti mwambo wawo wakwanira.

Umuuzenso Stelia kuti asaope amalume ake pa nkhani ya madzi. Mu Okutobala mtengo uliwonse zitini ziwiri pa mlungu, apo ayi maluwa ayoyoka. Fackson abwereko ku makalako adzatunge, nayenso ndi mkamwini, ayambe kuphunzira.

Mawu aja ndinanena pa sitepe ya tchalitchi, akuti ku Blantyre ndilibe mwana, kwa Dickson sindikawabweza. Kwa iwe ndawabweza. Usayese kuti mkwiyo watha, ulipo wambiri, ndipo ndikufuna ndikuuze uli pamaso panga, osati papepala.

Tsono usabwere kudzanditenga. Ungobwera. Palibenso chimene kubwera kwako kungawononge. Ukatsike pa Lirangwe, ukwere matola a ku Matope. Ukafika pamsika wa nsomba usafunse za Laimoni Sandalamu, dzinalo salidziwa. Ufunse mkulu wachilendo wa kumapiri, akulozera.

Ndine bambo ako,
Laimoni